Tsiku Lomwe Tinaika Amadi ku Lirangwe

Dzina langa ndine Lajabu, wa ku Chileka, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Si kuti mutu unali wouma ayi, koma nditaona kuti nsapato za aphunzitsi athu n'zoyasamula kuposa zanga, ndinadzifunsa kuti kodi tikuthamangira chiyani. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudyera pakamwa. Ndagulitsapo mawotchi oyenda tsiku limodzi, ndaperekezapo azungu kuphiri la Mulanje ineyo ndisanapondeko n'kale lomwe. Nkhani zanga zonse ndimazikamba pa bawo, anthu n'kumagwa nalo phwete. Iyi yokha sindinaikambepo pa bawo.

Chinali chaka chotsatira njala yaikulu ija ya 2002. Mkazi wanga Safia anali atabwerera kwawo ku Lirangwe, kwa bambo ake Che Bwanali, telala wa pakhonde pa sitolo, amenenso amaitana anthu ku swala, mapemphero athu, pamzikiti wa kumeneko. Chomwe chinamuchotsa Safia n'choti ndinagona masabata atatu m'chitokosi pa nkhani ya matayala a njinga omwe, kunena zoona, sanagwe kuchokera kumwamba. Miyezi isanu ndinkapita ku Lirangwe kukapepesa, mpaka agalu a m'mudzimo anasiya kundiuwa.

Che Bwanali si munthu waukali. Ndi kamdala kochepa thupi, koyankhula ngati kakuopa kudzutsa mwana. Potsiriza anaimitsa makina awo, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Akamwini, Lamulungu likubwerali mubwere ndi ankhoswe anu. Safia mumutenga. Koma ndikangomva kanthu kena, kaya kachepe bwanji, musadzavutikenso ndi minibasi."

Ndinalumbira mpaka malovu kuuma.

Vuto linali loti kunyumba kwanga kunali mbee. Bedi ndinali nditagulitsa, matiresi ndinagulitsa, poto anatsala mmodzi wopanda chogwirira. Mkazi wobwerera ndi ankhoswe ndikamugoneke pa thumba la feteleza? Ndiye Lachitatu lake atandipeza Willie, ndinali ngati munthu wokhala kale pa siteji.

Willie ndi dalaivala wa pikapu yoyera, kwawo ku Chigaru, munthu wokulira mu kwaya ya tchalitchi koma mawu okha ndi amene anatsala a Mulungu.

"Aise Lajabu, ku Mdeka kuli katundu akufunika afike kuno Lachisanu. Fodya wamkulu."

"Chamba?"

"Usamatchule dzina, amamva."

Anati pakati pa Mdeka ndi Lirangwe apolisi aika rodibuloko yatsopano, ndipo iye waganiza zogula bokosi lamaliro, n'kukweza azimayi khumi oimba nyimbo zachisoni.

"Zakale zimenezo, achimwene," ndinatero ine. "Bokosi masiku ano amatsekula. Ndipo azimayi khumi ndi pakamwa khumi."

Nzeru yotsatirayi inali yanga, ndisamunamizire Willie. Ife Asilamu sitiika munthu ndi bokosi. Thupi timalikulunga mu nsalu yoyera yomwe timaitcha sanda, n'kuligoneka mu jeneza, machira amatabwa okhala ndi chivundikiro. Kumanda timalitulutsa ndi manja, jeneza n'kubwerera kumzikiti kukadikira wina. Azimayi sapita nawo. Ndipo aliyense amadziwa kuti maliro athu sagona, ndiye wapolisi akaona jeneza amachita manyazi kukuchedwetsani.

Willie anandigwira mutu ndi manja awiri. "Iwe ukanaphunzira, bwenzi dziko lino utaligulitsa."

Lachinayi ndinapita kumzikiti wathu wa ku Chileka, n'kuuza akuluakulu kuti chogwirira chimodzi cha jeneza chikugwedera, ndikakhometse kwa kalipentala. Anandithokoza. Wina anati Lajabu wayamba kukhwima.

Lachisanu m'mawa tinali ku Mdeka, m'chigafa china kuseri kwa mudzi. Katunduyo anali m'mipukutu yokulunga m'makungwa ouma a nthochi. Ndinadula thunthu la nthochi lalitali ngati ine, kuti pakhale kulemera ndi msana, n'kumangirira mipukutu ija kuzungulira, yambiri pachifuwa, yochepa kumiyendo. Mutu ndinaumba ndi mipukutu itatu ndi sanza. Ndinakulunga ndi nsalu yoyera, mfundo kumutu, mfundo pakati, mfundo kumapazi, n'kufukiza lubani mpaka maso kuwawa. Pamwamba pa jeneza ndinayala nsalu yobiriwira ya kumzikiti.

"Amwene," anatero Willie, "uyu ndi munthu ndithu. Ine mpaka chisoni chikundigwira."

Ndinamuveka mzuli pamutu, n'kumuphunzitsa. "Akati asalamu alaikumu, uziti wa alaikumu salamu. Kwinako uziyang'ana pansi."

Pa rodibuloko zinayenda ngati mafuta. Ine ndinali kumbuyo, mu mkanjo woyera, dzanja pa jeneza, nkhope yogwa. Wapolisi anangosuzumira, n'kubwerera m'mbuyo.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Pitani, dzuwa lingakuthereni."

Titakhota, Willie anaimba hutala kawiri ngati tikuchokera ku ukwati.

Ine ndinawerengera kuti pa Lirangwe tidutsa cha m'ma teni, nditagona chafufumimba kuti pasapezeke wondizindikira. Koma kuumba munthu kumadya nthawi. Tinafika wani koloko itapitirira. Pikapu inatsokomola pamsika, inatsokomolanso pa chigayo, kenako inangoti zii, n'kuyenda yokha pang'onopang'ono mpaka kukaima pafupi ndi khomo la mzikiti. Swala ya Lachisanu inali itangotha. Amuna anali akutuluka, aliyense akufunafuna patapata wake.

Msilamu akaona jeneza sadutsa. Zimenezi ndimazidziwa chibadwire, koma tsiku lonse ndinkangoganiza za apolisi.

Anatizungulira. Ena anayamba kale kunena mawu a maliro aja, akuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Wina anapereka salamu pa windo la dalaivala, Willie n'kuyankha kuti, "Zikomo, nanunso." Kenako anatuluka, anatsekula boneti, anagwiragwira mawaya, n'kunena kuti akukafuna lamba wa injini pamsika, osabwereranso. Mzuli uja ndinadzaupeza madzulo uli mu ngalande.

Gulu linapatuka, n'kutulukira Che Bwanali.

"Akamwini? Watisiya ndani?"

Pakamwa panga sipanandigwiritsepo mwala. Ndinaganiza msanga: ndikatchula munthu wa ku Chileka, amudziwa. Ndikatchula wa ku Mdeka, amudziwanso.

"Ndi mlendo, apongozi. Wa ku Mozambiki. Ankagwira ganyu m'minda cha kumtsinje wa Shire, wamwalira m'bandakucha. Alibe m'bale kuno. Ndiye ndinati ndikamuike kwathu ku Chileka, asatayidwe ngati galu."

Pa mabodza onse amene ndikanasankha, ndinasankha loipitsitsa. Maliro a mwini amakhala ndi eni ake oti anene kuti ayi, tikaika kwathu. Maliro a mlendo ndi a Msilamu aliyense amene wawaona.

Che Bwanali anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mkanjo.

"Wasambitsidwa?"

"Wasambitsidwa, apongozi. Zonse zatheka, mpaka sanda."

"Ndiye ku Chileka mukukatani? Galimoto yafa, dzuwa likupendeka. Alibe abale? Abale ake ndife. Mulungu waimitsa galimotoyi pakhomo pathu dala."

"Ayi, apongozi, kwathu kuja manda akumba kale..."

"Adzagonamo wina. Manda sasowa mwini."

Shehe wa pamzikitipo anavomera. Ndisanapeze bodza lachiwiri, amuna asanu ndi mmodzi anali atatsitsa kale jeneza. Ena anathamangira makasu. Wasitolo wina anatseka sitolo yake Lachisanu lamsika, kalipentala anabweretsa matabwa osafunsa kuti alipira ndani.

"Dzina lake ndani malemuwa?" anafunsa shehe.

"Amadi."

"Amadi mwana wa ndani?"

"Sananene."

Tinaima mizere itatu pabwalo la mzikiti, jeneza lili kutsogolo. Swala ya maliro ilibe kuwerama, mumangoima. Bwenzi kukanakhala kugwetsa mphumi pansi, ndikanabisako nkhope. Anandiimika mzere woyamba, phewa langa kukhudza la apongozi. Ndinamva amuna oposa makumi asanu akupempha Mulungu kuti akhululukire thunthu la nthochi, alikulitsire manda, alisambitse machimo. Ine milomo inkangogwedera yopanda mawu. Ndinkayang'ana zala zanga zakumapazi.

Kenako tinanyamula. Kwathu jeneza siliyenda ndi anthu omwewo. Uyu alowetsa phewa, ayenda mapazi khumi, wina amulandira, iye n'kupita kutsogolo kukadikiranso, chifukwa aliyense amafuna madalitso a kunyamula. Madala oyenda ndi ndodo ankapatsira anzawo ndodo kuti alowetseko phewa.

"Koma anali wopepuka, mwana wa eni," anatero wina.

"Njala ija, akulu. Aganyu inawapweteka zedi."

"Lubani ndiye simunaumire, a Lajabu. Mpaka mutu ukuzungulira."

Bambo wina wamtali, wa ndevu zoyera, amene sindinkamudziwa, anandigwira dzanja tikuyenda. Anali akulira osabisa.

"Mng'ono wanga anapita ku Joni zaka khumi zapitazo, osamvekanso. Tsiku lililonse ndimadzifunsa kuti anamuika ndani. Lero mtima wanga wakhala pansi. Mwina nayenso anapeza munthu ngati inu."

Sanandisiye dzanja mpaka kumanda.

Podikira kuti okumba amalize, Che Bwanali anachita chinthu chimene sachita, kuyankhula pagulu. Anati anthu nonse mukudziwa kuti mkamwini wangayu anandichititsapo manyazi, ndipo ine ndinamuikira Lamulungu. Koma munthu wotola mtembo wa mlendo, kuugulira sanda, kuusakira galimoto, ameneyo safunikanso kumuyesa. Safia apita kwa mwamuna wake lero lomwe, ankhoswe adzangobwera kudzamwa tiyi.

Anthu anati Allahu akibaru. Ena anandisisita pamsana. Ine ndinkayang'ana tchire, kuyeza kuti ndikathamanga angandigwirire pati.

Mu dzenje mumalowa achibale kukalandira thupi. Poti Amadi analibe wachibale, shehe anati alowe amene wamubweretsa, ndi Che Bwanali amene wamulandira. Okumba anafulumira, dzenje linali lopanikiza, tinangokwana awiriwo. Pamwamba pathu amuna anayi anatambasula nsalu yobiriwira ija, monga timachitira kuno, kuti thupi potsika lisaonekere gulu. Manja anatsitsa Amadi pansi pa nsaluyo. Ine ndinalandira miyendo, apongozi analandira mutu.

Tinamugoneka m'kamphako kamene timakumba m'mbali mwa dzenje, chakumanja, kuyang'ana ku mzinda woyera wa Maka. Chotsala chinali chimodzi, chimene ndinachiiwala pomanga mfundo zanga zokongola ku Mdeka: wa kumutu amamasula sanda, kuti tsaya la malemu likhudze dothi.

Ndinaona zala za telala zikumasula mfundo ija mosamala. Zinalowa m'kati kufuna tsaya. Zinaima. Zinafufuzanso. Kenako zinatuluka ndi mpukutu umodzi, khungwa la nthochi litang'ambika pang'ono, ndipo fungo lake linaposa lubani yense.

Pansi pa nsalu paja kuwala kunali kobiriwira, ndipo nkhope ya apongozi inaoneka ngati ya munthu wodwala. Anayang'ana mpukutu. Anandiyang'ana ine. Sanakwiye. Bwenzi atakwiya.

"Akudziwa ndani?" ananong'ona.

"Ine ndi dalaivala."

Pamwamba pathu panali mapazi okhaokha kuzungulira dzenje, ndi makasu. Chaka cha njala chija, pa Lirangwe pomwepa, anthu anamenya munthu mpaka kufa chifukwa cha chimanga chachiwisi chodzaza m'thumba la jekete. Nanga wowaimitsa pa swala kupempherera chamba? Dzenje linali lokumba kale.

"Che Bwanali, zili bwino mmenemo?" anafunsa shehe.

Apongozi anayang'anitsitsa mpukutu uja mpaka nsalu inayamba kugwedera, manja a oigwira atatopa. Kenako anabwezera mpukutu uja m'sanda, n'kukokera nsalu pamwamba pake bwinobwino, ngati akufunditsa mwana.

"Bweretsani matabwa," anatero.

Pali mawu amene wogoneka maliro amanena, akuti m'dzina la Mulungu ndi pa njira ya Mtumiki wake. Ndinayang'ana milomo yawo. Inali yotseka.

Tinatseka kamphako ndi matabwa, tinamata ndi dothi lonyowa, anatikoka kutuluka. Aliyense anaponya dothi katatu. Shehe anakhala kumutu kwa manda n'kuyamba kumulangiza Amadi zokayankha angelo akabwera kudzamufunsa. Atamaliza anapempha Che Bwanali kuti atseke ndi duwa, pemphero lomaliza. Iwo analoza pakhosi, n'kupukusa mutu. Anthu anati chisoni chawagwira, mdala wamtima wabwino.

Kunyumba kwa apongozi azimayi anali atamva kale zonse. Anatilandira ndi tiyi ndi zigumu, wina n'kululutira pang'ono, anzake n'kumuletsa kuti ndi tsiku la maliro. Che Bwanali sanakhale pansi. Ananditengera kuseri, pafupi ndi khola la mbuzi, n'kuitana Safia.

Anabwera akumwetulira, atavala mpango wake wa pa chikondwerero cha Idi. Pakhonde ndinaona mtolo wa zovala womanga kale m'chitenje.

"Ndamva kuti mwasanduka shehe, bambo a kunyumba," anatero. "Ndiye tizikupatsani moni chogwada?"

Miyezi isanu anali asanandisekepo.

"Ine lero ndanama ndi manja anga, pamaso pa Mulungu, m'manda," anatero Che Bwanali. "Pakamwa pokha ndi pomwe patsala. Muuzeni nokha mkazi wanu."

Ndinayesa kuyamba monga ndimayambira nkhani zanga. Ndinati, Safia, ukudziwa kuti nthochi nayo ndi cholengedwa cha Mulungu. Palibe anaseka, ndipo mawu anga ndinawamva ngati a munthu wina, wopusa. Ndiye ndinangonena mmene zinalili, kuyambira kwa Willie mpaka pa mfundo ya kumutu. Ndinatchulanso za bedi ndi matiresi, kuti zonsezi ndimafuna iye adzagone pabwino.

"Musandilowetsemo," anatero Safia. "Ine ndinagonapo pamphasa, sindinafe."

Anayang'ana mbuzi. Kenako anatembenukira kwa bambo ake. Azimayi safika kumanda, ndiye sankadziwa.

"Ababa, mwachiika pati?"

Mdala uja anayang'ana pansi.

"Pafupi ndi manda a amayi ako. Ndinasankha ndekha malowo. Ndinati mlendo asagone kutchire yekha."

Safia anagwira mtengo wa khola.

"Mukachifukule."

"Tikafukula, anthu afunsa. Akafunsa, uyu safika pamsewu wamoyo. Ndipo jeneza la ku Chileka, ndi shehe wathu, ndi onse anaima pa swala aja, dziko lonse lidzatiseka Asilamu. Chikhala pomwepo, mwana wanga."

"Mpaka liti?"



Ndinagwada. Ine Lajabu, amene ndinatulukapo m'manja mwa apolisi ndi nthabwala, ndinagwada m'zitosi za mbuzi n'kunena kuti pepa, basi.

"Imirirani, anthu angaone," anatero Safia, mawu ali pansipansi. "Sindikuululani. Sindikufuna magazi anu pamutu pa ababa. Koma ine ndikamapempherera amayi, ndiziona chimene mwawagoneka nacho. Ndiye madzulo ndizikupatsani madzi osamba? Sindingathe."

Anapita pakhonde, ananyamula mtolo uja, n'kulowa nawo m'nyumba. Ndinamva mayi mmodzi akufunsa kuti kodi chachitika n'chiyani, ndipo Safia anayankha kuti palibe, wangosintha maganizo.

Lamulungu ankhoswe anabweradi, koma kudzamva kuti ukwati watha. Anafunsa chifukwa. Safia anati sakundifunanso, basi. Che Bwanali ankangotembenuza tepi yawo yoyezera m'manja. Ankhoswe anga anakalipa, a kwawo omwe anamudzudzula Safia, ine ndili pampando, mutu pansi, ndikumva akundiikira kumbuyo.

Eni katundu anandisaka miyezi ingapo, ndinakabisala ku Ndirande, koma zimenezo n'zazing'ono. Che Bwanali anasiya kuitana swala mwezi womwewo, akuti mawu atha. Patatha masiku makumi anayi anthu a pamzikiti paja anasonkha mpunga n'kumuchitira Amadi sadaka, ndipo ananditumizira uthenga kuti ndikakhale nawo monga mwini maliro. Ndinati ndikudwala malungo.

Mpaka lero ku Lirangwe amati mwana wa Che Bwanali ndi wouma mtima, anasiya mwamuna woopa Mulungu tsiku lomwe mwamunayo anaika mlendo. Azimayi amamunena pachitsime, iye akumva. Sanawayankhepo.